Chigafa cha a Dokotala Zgambo

"Kodi amake Tadala, n'zoona zoti ku yunivesite kuja munkaphunzitsa? Nanga sukulu simunalekezere Sitandade 7 ngati ine?"

Anandifunsa choncho amake Fatsani, oyandikana nafe nyumba kuno ku Chamama, tikuswa mtedza pakhonde pawo. Ndinawayankha kuti ine ndinkasesa ndi kukolopa basi. Iwo anati, "Ndiye bambo wa galimoto yoyera uja anakugwirani m'manja pamsika n'kumati aphunzitsi anga, ndi wamisala?" Ndinangoseka, nkhani n'kulowera ku feteleza. Koma funsolo linandimamatira ngati chisoso pachitenje. Ndaona kuti ndiliyankhe polemba, osati chifukwa cha amake Fatsani ayi, koma chifukwa cha inu ana anga, Tadala ndi Yamikani. Makamaka iwe Tadala, pakuti pali chimene ndinasankha m'dzina lako chimene sindinakufotokozerepo bwinobwino. Kalembedwe kanga ndi ka munthu wa Sitandade 7, mupirire nako.

2004

Za ubwana wanga ku Dowa ndizisiya, mumazidziwa kale. Ku Kasungu tinabwera ine ndi bambo anu ngati matenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale cha ku Wimbe. Tinalima kumeneko mpaka mwini wake atatopa nayo n'kuigulitsa. Anaigula ndi a yunivesite ina ya ku Lilongwe amene ankafuna kutsegula nthambi kuno. Matenanti anzathu ambiri anamanga katundu kubwerera kwawo, ena anasamukira m'maesiteti a ku Chulu. Ife tinatsala chifukwa bambo anu anawalemba ulonda, ndipo patapita nthawi kapitawo wathu wakale wa pa esiteti ananditchula kwa mabwana atsopano kuti ndine mzimayi wosatopa ndi tsache. Ndinayamba ntchito iwe Tadala uli ndi zaka zinayi, Yamikani ali kumsana. Anandilemba ngati waganyu wapamwezi: ukadwala ndi zako, ukachoka palibe penshoni.

Shedi imene tinkasankhiramo fodya anaipaka laimu, n'kuiboola mawindo, n'kuitcha labu. Fungo la fodya linakana kuchoka, moti kukachita chinyezi ophunzira ankayetsemula ngati ali ku okushoni. Makompyuta anabwera pa lole, akale ndithu, mphatso yochokera kunja. Ntchito yanga inali kusesa, kupukuta fumbi, kuwafunditsa nsalu poweruka, ndi kusunga kiyi wa labuyo, amene anali mmodzi yekha. Makinawo ndinkawaopa. Ndinkawapukuta ngati ndikusambitsa mwana wa eni ake. Ndikamakolopa pakhonde ndinkasuzumira pawindo n'kuona ana a anthu atakhala pamipando ija, zala zikuthamanga, ndipo mumtima ndinkati, Mulungu, Tadala wanga adzakhale pampando umodzi mwa imeneyi. Mudziwe kuyambira pano kuti chimenechi ndiye chinali chinthu changa pa ntchito yonseyi. Zina zonse zinali za m'mbali.

2006

Chaka chimenechi kunabwera mphunzitsi watsopano, a Dokotala Zgambo, wa kumpoto. Anali munthu wamfupi, wokonda njinga yakapalasa ngakhale anzawo ankabwera pagalimoto, ndipo Chichewa chawo chinkapendekera ku Chitumbuka. Ine ankanditcha mama. Anawapatsa ana a chaka chachinayi, omaliza, ndipo phunziro lawo linali limene ophunzira ankaliopa kwambiri, la mapateni a kamangidwe ka mapulogalamu.

Kuseri kwa labu kunatsala chigafa chimodzi choumitsiramo fodya, denga litagumuka mbali. Zina zonse anali atazigwetsa. Tsiku lina ndikutaya madzi okolopera ndinawapeza a Zgambo ataimirira m'katimo, akuyang'ana mphanda ndi mikangala ngati munthu wofuna kugula.

"Mama, munagwirapo ntchito muno?"

"Zaka zambiri, bwana."

"Ubwana usiyeni ku ofesi. Tandiuzani, bwanji chilibe zipupa?"

Ndinawauza kuti fodya wa bale amauma ndi mphepo, ukamutsekera amaola. Anafunsa kuti nanga mvula ya mphepo ikabwera cham'mbali timatani. Ndinawafotokozera kuti nthawi yothyola, anthu onse ali kumunda, pachigafa pamatsala mzimayi mmodzi wosoka fodya, ndipo pamtengo pamapachikidwa chitsulo, limu yakutha ya thirakitala. Aliyense amene ali ndi fodya m'menemo amangomuuza m'mawa kuti mukaona mtambo mundiitane. Mtambo ukada, iye amangomenya chitsulo. Sayenda kukafuna anthu, sauza munthu chochita. Wina amathamanga kudzatsitsa mapulasitiki, wina kudzalowetsa masamba ali panja, wina kukaanula ufa kwawo. Amene fodya wake watha amangoti ine musandiwerengerenso.

A Zgambo anaseka mpaka kugwira mphanda. "Yewo chomene, mama. Ine zimenezi ndinakaziphunzira kutali, m'chisanu, pomwe zinali kuseri kwa labu. Amuna anu angathe kufolera chigafachi?"

Bambo anu anachifolera Loweruka, ine ndikuwaponyera udzu. Limu ija tinaipeza ku thengo, tinaipachikanso. Lolemba a Zgambo anatulutsa kalasi yonse mu labu n'kuikhazika pansi m'chigafa, anyamata a nsapato zonyezimira akukwinya nkhope. Mawu awo oyamba ndimawakumbukira chifukwa ankawanena chaka ndi chaka. Ankati mmisiri wa chigafa sayamba kuganiza mwatsopano chaka chilichonse. Vuto ndi lomwe lija, loti tsamba lipite mphepo koma lisanyowe, ndipo yankho lake anthu analipeza kale. Chigafa cha ku Chulu ndi cha ku Wimbe mitengo ndi yosiyana, kutalika n'kosiyana, koma kamangidwe n'kamodzi. Nayonso pulogalamu ikakula, mavuto ake amabwerezabwereza, ndipo pali mayankho amene amisiri anawayesa n'kuwapatsa mayina. Amenewo ndiwo mapateni. "Dzina lokha mutha kuliloweza m'basi," ankatero. "Ine ndikufuna muyambe mwamva kuwawa kwa vutolo."

Tsiku limenelo anandiitana ndili ndi chidebe m'manja. Anandikhazika pansi pa limu n'kunena kuti ine ndine woona mvula. Ophunzira anawamwaza m'tchire, uyu ku mpanda, uyu ku mjigo, akuti ndiko kumunda. Lamulo loyamba linali loti chitsulo kulibe. Aliyense azibwera yekha kudzandifunsa ngati mvula yayandikira. Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala. Anathamanga kubwera ndi kubwerera, kubwera ndi kubwerera, ine n'kumangoti ayi, sinabwere. Panali mnyamata wina wamtali, wolongolola, dzina lake Limbani, ndiye wa galimoto yoyera uja anamuona amake Fatsani. Ulendo wina anafika akupuma mwabefu n'kugwa pafumbi.

"Amayi, chonde, ingoinenani mvulayo. Tikugulirani sopo."

"Kumwamba kuli mbee, mwanangu. Ndinamizire Mulungu?"

"Adokotala, uku n'kuzunza. Bwanji amayiwa azingotiitana ikabwera?"

"Akuitaneni bwanji, sakudziwani mayina?"

"Tiwauza ife eni ake kuti atiwerengere."

"Nanga akuuzeninso chochita?"

"Ayi, aliyense akudziwa chake. Iwo angomenya chinachake basi."

A Zgambo anandipatsa chikwanje n'kuloza limu. Nditamenya, onse anabwera kamodzi, aliyense n'kugwira yake. Ndipo a Zgambo anati, "Chimene mwapezachi m'mabuku amachitcha obizeva. Tsopano sansani fumbi, tiyeni ku labu tikachilembe." Ankalowa, n'kukhala pamakina, n'kulemba zimene anachita ndi miyendo zija m'chilankhulo cha kompyuta. Ine ndinkatenga chidebe changa kubwerera ku ntchito.

Zinapitirira motero. Pateni iliyonse inali ndi sewero lake. Ina ankaiphunzitsa ndi tebulo losankhira fodya, loti tebulo ndi lomwelo koma wosankha umatha kumusintha malinga ndi zimene wogula akufuna. Ina ankaiphunzitsa ndi kiyi wanga uja, woti ndi mmodzi ndipo aliyense wofuna labu amadzera mwa ine, moti ana anayamba kunditcha Mayi Singiltoni, dzina la pateniyo, n'kumakuwa nalo pamsewu. Kenako a Zgambo anaika lamulo limene linadzandibweretsera zonse ziwiri, ulemu ndi mavuto. Gulu lililonse lisanayambe kulemba pulogalamu yake yomaliza, linkayenera kundifotokozera ine kamangidwe kake m'Chichewa, popanda liwu la Chingerezi, mpaka nditatha kubwereza kuti mbali iyi imachita chakuti, imadziwana ndi iyi, sidziwana ndi iyo. Ndikalephera, ankabwerera kukakonza. Musaganize kuti ndinali wanzeru. Za kompyuta sindinkazidziwa ndipo mpaka lero sindizidziwa. Phindu langa linali kusadziwa komweko. Mnzako wa m'kalasi ukamuuza dzina la Chingerezi amagwedeza mutu, nonse n'kumayesa mwamvana. Ine ndinkangofunsa kuti nanga ameneyu akadwala, agwire ntchito yake ndani? Nthawi zina funso langa linali lopusa ndipo ankandiseka, inenso n'kuseka. Nthawi zina ankayang'anana n'kutola mapepala awo.

2011

Chimenechi ndi chaka chimene mafuta anasowa. Magetsi ankazima kuyambira m'mawa, jenereta ili duu ngati mwala. Malipiro ankachedwa, choko chinatha, ndipo aphunzitsi ena ochokera ku Lilongwe ankalephera kufika sabata yathunthu. Makalasi ambiri anaima. Ya a Zgambo yokha ndiyo inkayenda, chifukwa njinga sifuna dizilo ndipo chigafa sichifuna magetsi. Ankajambula mabokosi ndi mizere pansi ndi makala, ana n'kumalemba mapulogalamu pamapepala, magetsi akangoyaka onse n'kuthamangira ku labu ngati nkhuku zaona chimanga. Ine ndinkayenera kukhala pafupi ndi kiyi nthawi zonse. Tsiku lina ndinali ku mjigo magetsi atayaka, ndipo ndinamva limu ikulira. Anali a Zgambo eni ake akundiitana ndi chitsulo changa chomwe.

Ndikayang'ana m'mbuyo, zaka zimenezo ndizo zinali zokoma pa moyo wanga wa ntchito, ngakhale kunyumba tinkagona ndi phala. Chaka chilichonse mvula isanagwe, ine ndi bambo anu tinkamweta udzu n'kufolera chigafacho, osauzidwa ndi munthu. A Zgambo ankabwera ndi shuga kapena nsomba zouma, n'kumati ndi lendi ya kalasi. Ankafunsa za sukulu yako, Tadala. Atamva kuti masamu umakhoza, anati, "Ameneyu adzathamanga pa dzuwa lomweli, mama, ndipo inu musadzamumvere chisoni." Ndinawayankha kuti ndidzamuthamangitsa kuposa Limbani.

2014

Nthambi itakula kunabwera mkulu watsopano, a Mbewe. Sindiwanenera zoipa. Anali munthu waulemu, wolimbikira, ndipo ndi iwo anabweretsa makompyuta atsopano ndi magetsi a dzuwa. Koma anabwera nthawi imene kunkayembekezeka alendo odzayendera sukulu kuti aone ngati madigiri ake ali oyenera, ndipo mantha anali paliponse. Nthawi yomweyo kholo lina linadandaula kuti likulipira kuti mwana wake aphunzitsidwe ndi dokotala, koma akumubweza ndi mayi wokolopa. Kholo limenelo sindilida. Nanenso ndikanakhala kutali n'kungomva, mwina ndikanadandaula.

A Mbewe anandiitanitsa ku ofesi. Ndinakhala pampando wofewa koyamba, m'mphepete mwake.

"Mayi Nabanda, mwatumikira nthawi yaitali ngati waganyu. Si bwino."

"Zikomo, bwana."

"Tikutsegula ofesi ku boma yolembera ophunzira atsopano. Tikufuna mesenjala wokhulupirika. Ntchito yokhazikika, ya penshoni. Ndipo mukudziwa lamulo lathu: mwana mmodzi wa wogwira ntchito wokhazikika, akakhoza, amaphunzira kuno osalipira. Muli ndi mtsikana ku sekondale, eti?"

"Ali Fomu 1, bwana."

"Ndiye mwaonatu. Koma ndisakubiseni. Ndikufunanso kuti za kuchigafa zija zithe alendo asanafike. A Dokotala ndawalephera, ndi ouma mutu. Inu mukakhala ku boma, zitha zokha popanda kukangana."

Ndinafunsa ngati sizingatheke kundikhazikitsa ntchito pa labu pomwepo. Anapukusa mutu, nati malo okhazikika ndi a ku boma okha. Anandiuza ndikaganize.

Bambo anu sanaone n'chovuta chomwe. "Akazi anga, mukuganiza chiyani pamenepa? Fodya ameneyu angamufikitse Tadala ku yunivesite? Chitsulo chimamenyedwa ndi aliyense." Ananena zoona za fodyayo. Nthawi imeneyo tinali titapeza kamunda kathu kuno ku Chamama, ndipo mabelo athu akapita ku okushoni chobwera chinkangokwanira feteleza wa chaka chinacho. Komabe mtima wanga sunakhale pansi. Ndinapita kwa a Zgambo ndisanayankhe. Ndinawapeza akupopa njinga kuseri kwa labu, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale zija za ouma mutu.

Anamaliza kaye kupopa. "Mama, mwabwera kudzafunsa chilolezo kwa ine?"

"Ndabwera kuti mundiuze chochita, adokotala."

"Ine ana anga amaphunzira ndi malipiro anga. Ndingakuuzeni bwanji kuti mukane? Pitani ku boma. Mwana ndi mwana, chigafa ndi mitengo."

"Nanga kalasi?"

"Ndiona. Mwina Limbani wina azimenya chitsulo." Anaseka pang'ono, kenako anati, "Chimene chindivute si chitsulo ayi. Ndi munthu woti samva Chingerezi koma saopa kufunsa. Oterowo ndi osowa kuposa madokotala."

Akanandikalipira zikanandipepukira. Ndinavomera kwa a Mbewe. Kiyi uja ndinamupereka kwa mnyamata wa zamagetsi, ndipo ine ndi inu ana tinasamukira ku boma, kukachita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Bambo anu anatsala pa ulonda. Ndikunena mosabisa: nditabwereranso tsiku limenelo, ndi nzeru zimene ndinali nazo tsiku limenelo, ndikanasankha chomwecho. Palibe mayi akanakana. Koma kusalakwa sikuletsa kudandaula.

2017

Ku boma ntchito inali yopepuka. Kutumidwa ku banki, ku positi, kuphika tiyi, kuloza makolo pokhala. Anandisokera yunifolomu. Palibe ankandifunsa maganizo pa chilichonse, ndipo nanenso ndinaiwala kufunsa. Za kusukulu ndinkazimva kwa bambo anu akabwera kumapeto kwa mwezi. Akuti chaka choyamba a Zgambo anayesa kupitiriza okha, ophunzira akusinthana pa chitsulo, koma pofotokozerana ankangoponyerana mayina a Chingerezi n'kumavomerezana. Anayesa mayi amene analowa m'malo mwanga, koma iye ankangoti ee bwana, ndamva bwana, chifukwa anali atamva chimene chinandisamutsa ine. Bambo anu anafuna kufolera, anawaletsa kuti udzu ungabweretse moto pafupi ndi makina atsopano. Chigafa chosafolera sichipirira. Mvula yachiwiri chinagwa, mitengo anaitola ophika ku kantini. Limu ija anaigula a zitsulo zakutha.

Chaka chimenechi a Zgambo anadzera pa ofesi ya ku boma kudzatsanzika. Anapeza ntchito kunja kwa dziko. Tsitsi linali litayera. Anandipatsa pampu ya njinga yawo kuti ndipatse bambo anu, nati, "Mtsikana uja akafika chaka chachinayi mudzamuuze kuti asaloweze. Ayambe wamva kuwawa." Ndinati ndidzamuuza. Sindinawaonenso, ndipo nambala imene anasiya inasiya kugwira.

2022

Iwe Tadala unakhoza, unalowa, unakhala pampando uja ndinkaupempherera. Tsiku limene ndinakuona pawindo la labu, ndinakabisala kuseri kwa mjigo kuti anthu asaone nkhope yanga. Zaka zitatu zoyamba unayenda bwino. Chaka chachinayi unakumana ndi mapateni. Ankaphunzitsa ndi mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Lilongwe, amene ankabwera pakapita nthawi n'kuonetsa zithunzi pakhoma mothamanga kuti apeze basi yobwerera. Sindimunena, ankagawidwa pakati pa nthambi zingapo. Unaloweza mayina onse ndi zithunzi zake. Pamayeso sanafunse mayina. Anakupatsani vuto n'kuti mumange. Unalephera. Ndipo lamulo lija la kuphunzira osalipira linali ndi mchira wake umene ndinkaudziwa koma sindinkauganizira: mwana wa wogwira ntchito akalephera phunziro amapatsidwa mpata umodzi wolembanso, akalepheranso ulere watha.

Unabwera kuno ku Chamama kudzakonzekera, nthawi yothyola fodya, inenso ndili patchuthi kuno. Ukukumbukira. Ndinakupeza m'mawa utakhala pamtondo, mapepala pamiyendo, ukung'ung'udza ngati wa katekisimu.

"Ukuwerenga chiyani?"

"Simungamve, amayi. Obizeva."

"Tadzuka. Pita ku mpanda uko."

Ndinapachika khasu lakutha pa chigafa chathu. Ndinaitana Yamikani ndi bambo anu kumunda, bambo anu akudandaula kuti masamba akupsa ndi dzuwa. Ndinakuthamangitsani nonse kudzandifunsa za mvula, monga ankachitira a Zgambo. Iwe poyamba unkaseka, kenako unakwiya, kenako unaima pakati pa bwalo thukuta lili kamukamu.

"Amayi, bwanji osangomenya khasulo ikabwera?"

"Ndikuuzenso chochita?"

"Ayi, aliyense akudziwa chake." Unatembenukira ku khasu lija. "Dikirani. Ndiye kuti inu simukuyenera kudziwa kuti ndife ndani. Mungosunga amene anena kuti muwaitane." Unandiyang'ana ngati sunandionepo. "Amayi, zimenezi mwazidziwira kuti?"

Ndinakuuza kuti ndinkaonera pawindo. Tsiku limenelo ndinayesa zatheka. Koma unatenga pepala, unagwira cholembera, n'kundifunsa kuti, "Tsono pakompyuta ndiyambira pati? Khasuli likhala chiyani? Mndandanda wa anthuwo ndiusunga mbali iti?" Zimenezo sindinkazidziwa. Apa ndi pamene a Zgambo ankati sansani fumbi, tiyeni ku labu. Ine pamenepo ndi pomwe ndinkanyamula chidebe. Zaka zonse zija sindinalowepo nawo kukaona kuti chitsulo chimasanduka chiyani pamakina. Ndinali ndi theka la phunzirolo, theka linalo linakwera ndege. Tinayesa sewero la tebulo, tinayesa la kiyi. Ena ndinali nditawaiwala, ena ndinkakumbuka mayendedwe ake koma osadziwa kuti ndi a pateni iti. Masiku anali ochepa, fodya akudikira, ndipo unabwerera ndi zidutswa.

Unalemba, unaperewera pang'ono. Tinati tikulipirire chaka chobwereza ndi fodya, koma fodya wa chaka chimenecho anagwa mtengo, ndipo chaka chotsatira chifuwa changa chija, cha fumbi la m'shedi, chinandikhazika pansi mpaka adokotala a kuchipatala analemba kuti ndipume. Iwe unati tisavutike, unatsegula kabenchi kako kokonza mafoni pamsika. Umakonza bwino, anthu amakutama, ndipo sunandinenepo liwu lowawa. Koma sunkadziwa kuti kalasi imene ikanakuthamangitsa pa dzuwa mpaka kumvetsa inatha pamene ine ndinavomera ntchito ya ku boma, ndipo ndinaivomera kuti iwe udzakhale m'kalasi imeneyo. Ndikanakana, sukanalowa pakhomo. Nditavomera, unalowa n'kupeza m'nyumba mulibe. Ndaganiza njira yachitatu zaka zonsezi, sindinaipeze.

Limbani uja nditakumana naye pamsika anandiuza kuti tsopano ali ndi anyamata ake omanga mapulogalamu ku Lilongwe, ndipo watsopano akabwera amayamba wamuthamangitsa kaye pabwalo. Anafunsa za a Zgambo, ndinamuuza kuti nambala yawo inasiya kugwira. Za iwe sindinamuuze, ndinachita manyazi. Mwina ndikanamuuza.

Tsono amake Fatsani akadzafunsanso, muwauze kuti mayi athu sankaphunzitsa, ankangomenya chitsulo ndi kufunsa mafunso. Chimene ndinapeza mukuchiona: penshoni, ndi malata ali pamwamba pathuwa. Chimene chinatayika ndi ichi: chigafa chimodzi, limu imodzi, mphunzitsi mmodzi amene ankanditcha mama, ndi digiri ya Tadala, imene inatsala phunziro limodzi.